Mafizo a Pakhonde

Msana unandigwira ndili m'madzi, pa puloti yathu ku sikimu ya Likangala, nyengo yowokera mpunga. Ndinawerama kuti ndinyamule beseni la mbande, miyendo ili chiwongokere monga ndinkachitira kuyambira ndili mtsikana, ndipo m'chiuno munalira kamodzi ngati phesi lathyoka. Sindinakuwe. Ndinangokhala pansi m'matope momwemo, beseni lili pamiyendo, n'kumayang'ana madzi akulowa m'chitenje. Mayi wa puloti yoyandikana ndi yathu anandifunsa ngati ndikupuma, ine ndinati eya. Anamaliza mzere wake, n'kubwerera, n'kundipeza ndili pomwepo. Apo m'pamene anaitana anzake.

Ananditengera kunyumba pa njinga, wina akukankha, ena akundigwira m'mbali. Anandigoneka pamkeka pafupi ndi chitseko, ndipo ndinakhala pamenepo dzinja lonse.

Ana ndinali nawo atatu. Woyamba ndi mtsikana, nthawi imeneyo ali sitandade sikisi. Wachiwiri ndi mnyamata. Wotsiriza kanali kamtsikana kasanasiye bere. Bambo awo anali msodzi. Ankakhala miyezi m'kati mwa nyanja ya Chilwa, m'zimbowera, timisasa timene asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama. Uthenga unawapeza, ndipo anabwera patapita masiku, atanyamula matemba m'jumbo. Anaima pakhomo.

"Mwatani kodi?"

"Msana."

"Kuchipatala mwapitako?"

"Achimwene anakanditengera mapilitsi."

Anakhala pa chigubu n'kumandiyang'ana. Kenako anati nsomba zikugwidwa masiku ano, akachedwa anzawo awasiya. Ndinati pitani. Anabweranso chimanga chitayamba kucha, ndiye basi. Nkhani yoti akwatira ku chilumba cha Chisi ndinaimva kwa mayi wina wogulitsa nsomba, amene anaikamba akundiyang'anitsitsa kumaso kuti aone chimene ndichite. Ine ndinamufunsa ngati kunja kwachita mitambo, chifukwa ufa unali padzuwa.

Sikuti ndinkadzilimbitsa mtima. M'katimo munalibe kanthu. Mwendo wamanzere unali utachita dzanzi kuyambira m'thako mpaka kuchala chachikulu, moti nyerere zinkayendapo ine osazimva, ndipo zimene anthu ankandiuza zinkandifika chimodzimodzi. Amayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga, anabwera ndi sing'anga amene ananditema mphini m'chiuno. Akumpingo anabwera kudzapemphera. Ndinkangolola zonse.

Ntchito yanga inali kuyang'ana panja. Ndili chigonere ndinkaona miyendo ya anthu odutsa, nkhuku, ndi mwana wanga wamkulu. Iye ndi amene analowa m'malo mwanga popanda womuuza. Ankalawirira kumjigo ndi ndowa yanga yaikulu, kubwera, kubereka mng'ono wake, kusesa, kenako kupita kusikimu kukapalira ndi amalume ake. Kusukulu ankapita masiku ena okha. Tsiku lina atatula ndowa anaima pabwalo, dzanja lili m'chiuno, mutu utapendekeka, akudikira kuti msana uwongoke. Mayi anga ankaima choncho. Inenso ndinkaima choncho. Ndinadziwa chimene ndikuona, ndipo ndinatembenukira kukhoma.

Mpunga utakololedwa, achipatala chaching'ono ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Zomba. Achimwene anandiperekeza. Atandijambula msana anati ndizipita ku chipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa odwala zolimbitsa thupi. Kumeneko ndinapeza mtsikana wovala yunifolomu, wochepa thupi, woti akanatha kukhala mng'ono wanga. Anandigoneka chagada pa bedi lolimba n'kunyamula mwendo wadzanzi uja pang'onopang'ono.

"Mukamva kupweteka munene, mayi."

"Sindikumva kanthu."

"Apa?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

Apo ndinamva, ngati wandilowetsa waya wotentha.

Anandionetsa zochita. Kugona chagada n'kukokera bondo pachifuwa, kenako linzake. Kugwada, manja pansi, n'kumakweza msana ngati mphaka akamadziwongola, kenako n'kuutsitsa. Kuima chotsamira khoma, zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zonse zikhudze. Pomaliza anaika chigubu cha madzi pansi n'kunena kuti ndimuonetse mmene ndimanyamulira katundu. Nditangoyamba kuwerama anandigwira paphewa.

"Ayi, mayi. Pindani mawondo, munyonyomale. Katunduyo akhale pafupi ndi mimba. Inyamule ndi miyendo, msana uzingotsatira."

"Ife kwathu sitinyamula choncho."

"Ndikudziwa. Mayi anganso sanyamula choncho." Anasuntha chigubu chija ndi phazi. "Panopa akutunga madzi kunyumba ndani?"

"Mwana wanga."

"Wamkulu bwanji?"

Ndinamuonetsa msinkhu wake ndi dzanja.

"Ndowa yake ndi yotani?"

"Yanga yomweyo."

 Kenako anati msana wanga sungabwerere mwakale, ululu wokha ndi umene ungachepe ndikamalimbikira, koma wa ana ukadali wanthete. Anati zimene ndikuphunzirazi ndikawaphunzitse onse, ndipo ndowa ya mwanayo ichepe. Ndinati chabwino. Ndikanati chabwino ngakhale akanandiuza kuti ndikagwetse nyumba.

Ndinayamba mmawa mwake, osati chifukwa ndinakhulupirira, koma chifukwa ndinalibe china chochita anthu onse akamadzuka. Ndinauza mnyamata kuti ayale mkeka pakhonde. Ndinagona chagada n'kuwauza kuti agone pambali panga. Mnyamata anaseka mpaka kutsokomola. Titafika pa za mphaka anayamba kulira ngati mphaka weniweni, ndipo kamlongo kake, kamene kanali katangoyamba kuyenda, kanamukwera pamsana. Wamkulu anachita zonse mmene ndinamuuzira, osaseka, maso ali ku ndowa.

"Tatha, amayi?"

"Imani kukhoma."

Anaima. Ndinaona kuti nkhongo ya wamkulu sinkafika kukhoma, khosi linali litazolowera kupita kutsogolo. Ndinamukankha chibwano ndi chala mpaka mutu unakhudza njerwa. Anati zikumukoka m'mapewa. Ndinati zizikoka.

Za ndowa ndiye zinavuta. Ndinamupatsa yaing'ono, imene tinkasungira madzi akumwa, ndipo anaiyang'ana ili m'manja mwake.

"Ndiye ndizipita kangati, amayi? Pamjigo pamakhala mzere. Ndikamabwerezabwereza, kusukulu akandibweza kuti ndachedwa."

Zinali zoona. Ndinauza mnyamata kuti azipita naye atatenga kachigubu. Iye anati anzake amuseka, kutunga madzi ndi kwa akazi. Ndinamuyang'ana osanena kanthu mpaka anatenga kachigubuko. Masiku amenewo ana ankaopa kukhala chete kwanga kuposa mmene ankaopera kukalipa kwanga kale.

Kusukulu kwawo madesiki anali a makalasi aakulu okha. Ena onse ankakhala pansi pa simenti, kope lili pabondo, nkhope itatsala pang'ono kugunda pepala. Mnyamata ndinamuuza kuti akamva khosi kulemera azidzutsa mutu n'kubweza mapewa m'mbuyo. Anachitadi, ndipo aphunzitsi anamukalipira poganiza kuti akuonera za mnzake wakutsogolo. Anandiuza madzulo ali wokwiya. Ndinati uzichita aphunzitsi akatembenukira kubolodi.

Sipanapite nthawi amayi aakulu anabwera. Anakhala pamkeka, tinapatsana moni, n'kuyamba.

"Iwe, n'chiyani ukumuphunzitsa mwanayu? Kumjigo anthu akuseka. Mtsikana woti watsala pang'ono kutha msinkhu azinyonyomala pagulu ngati mwamuna ali pa bawo? Mmawa uliwonse miyendo m'mwamba pakhonde, anthu akudutsa?"

"Ananena ndi achipatala."

"Achipatalawo amalima mpunga? Ife tonse tinakula tikuwerama."

"Eya. Nanga inu msana wanu sukupweteka?"

Sindinafunse mwachipongwe, ndinkangofunsa.  Pochoka anagwira nsanamira ya khonde ndi manja onse monga mwa masiku onse, n'kuima kaye ali chowerama, kenako n'kumapita. Anakhala nthawi osapondanso pakhomo panga. Ine ndinatchinga khonde ndi mkeka wakale kumbali ya njira, ndipo mwanayo ndinamupatsa kabudula wa mlongo wake kuti azivala m'kati mwa chitenje. Iye anandiuza yekha kuti kumjigo sazinyonyomalanso pakakhala anthu. Ndinati chabwino, uzichita kuno.

Ine ndinayamba kuyenda ndi ndodo, kenako ndinaisiya. Dzanzi linatsika mpaka pabondo, n'kutsikanso, n'kutsalira m'mbali mwa phazi, ndipo lilipo mpaka lero. Anthu ankati Mulungu ndi wamkulu, ine ndinkavomera.

Tsiku lina masana, nyengo yotentha, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukatenga lichero, ndipo ndinapeza wamkulu atagona chagada padothi, mawondo ali pachifuwa, atatsinzina. Palibe anamutuma.

"Ukutani?"

"Msana, amayi."

"Wayamba liti?"

"Kale. Nthawi ija munagona ija."

"Osanena bwanji?"

"Ndikanauza ndani?"

Ndinagwada movutikira, ndinamutembenuza chafufumimba, n'kumusisita ndi mafuta ophikira amene anatsala m'kabotolo. Mafupa a msana wake ankamveka onse m'zala zanga. Ndinkadikira kuti misozi ibwere, poti mayi amayenera kulira pa zoterezi. Sinabwere. Manja okha ndi amene ankagwira ntchito. Iye anagona tulo pompo, tsaya lili padothi, ndipo ndinakhala pambali pake ndikumuingitsira ntchentche.

Kutacha ndinapita kwa achimwene n'kuwauza kuti puloti ija azilima iwowo, azingotigawirako, mwanayo asapitenso kusikimu.

"Mlongo, chakudya sichikukwanirani," anatero.

"Ndikudziwa."

Sichinakwanedi. Miyezi ya njala tinkaphika mango aawisi. Mafizo sitinasiye, ngakhale kuti ana ankachita mwaulesi, ndipo nthawi zina mnyamata ankangogona chagada n'kumayang'ana denga. Sindinkamukakamiza. Tikatha ndinkawauza kuti aime kukhoma, iwo n'kuima.

Wamkulu sukulu sanapite nayo patali. Anali atatsalira kwambiri, anabwereza kalasi, kenako anasiya. Anapita ku Songani kukagwira ntchito pa tiyirumu ya mayi wina wakumpingo, ndipo anakwatiwa komweko. Nyengo yozizira msana umamupwetekabe. Amati mafizo amachita m'nyumba amuna ake akachoka. Sindidziwa ngati n'zoona, sindinapiteko mmawa kukaona. Mnyamata mafizowo anawatengera ku mpira, n'kumaphunzitsa anzake asanayambe kusewera ngati ndi nzeru zake. Atakula anayamba ganyu yonyamula matumba pa chigayo cha mpunga. Ndinadutsapo tsiku lina ndipo ndinamuona akunyonyomala, akukokera thumba pamimba asanadzuke nalo. Anzake ankamunena kuti akukhala ngati nkhuku yofuna kuikira. Iye anaseka nawo, n'kunyamula lina chimodzimodzi. Sanandione, ndipo sindinamuitane.

Wamng'ono yekha ndi amene sanaphunzire njira ina. Iye anakula akuganiza kuti pakhomo paliponse anthu akadzuka amagona chagada pakhonde. Ngakhale potola kapu pansi ankapinda mawondo.

Chaka chimene nyanja inaphwa, mabwato atagona pa matope ong'ambika, bambo awo anabwera. Ndinawaona ali patali koma sindinawazindikire, chifukwa ankayenda chowerama, akutsamira chidutswa cha nsungwi. Zaka zonse zija ankakankha bwato ndi nsungwi ndi kukoka makoka, ndipo msana unawathera momwemo. Nsomba zitasowa, mkazi wa ku Chisi uja anawauza kuti azipita kwawo. Anaima pabwalo, opanda jumbo.

"Ndabwera."

"Ndakuonani."

"Msana wandivuta."

"Khalani pansi."

Kuno kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, choncho nyumba ndi yanga. Achimwene anandifunsa ngati awathamangitse. Ndinati asiyeni. Ndinawayalira m'kanyumba ka mnyamata, ndipo ndikaphika ndinkawatumizira mbale.

Wamng'ono anali atayamba sukulu. Ndinamuuza kuti awa ndi abambo ako, iye anangoti oo. Sankawadziwa. Mmawa wina akuyala mkeka anawaona atakhala pa chigubu, zigongono zili pamawondo, mutu uli pansi. Anaima patsogolo pawo.

"Inu, munthu sakhala choncho. Wongokani."

Bambo ake anandiyang'ana ine. Ndinali ndikusankha mpunga, ndipo ndinapitiriza.

"Sindingathe, mwana wanga."

"Ndiye gonani apa chagada."

Anatsika pa chigubu pang'onopang'ono, akubuula, n'kugona. Mwanayo anagwira bondo lawo ndi manja awiri n'kulikankhira kuchifuwa. Anakuwa. Iye anawauza kuti asagwire mpweya, azipuma, ndipo anabweza bondo pang'ono n'kuyambanso. Atatha analipukuta fumbi bondolo ngati ndi lake.

Kuyambira tsiku limenelo pamkeka tinakhala atatu. Ine ndinkagona kumapeto kuno, iwo kumapeto uko, mwana pakati. Ankawadzudzula akabera, ankawaimika kukhoma, ndipo nkhongo yawo inali kutali ndi njerwa moti nkhonya yake inkalowa pakati. Iwo ankamumvera. Anamupangira kabwato ka phesi, anayamba kumuperekeza kusukulu mpaka pa mlatho. Ndinkawamva akuseka kuseri kwa nyumba.

Amayi akumpingo ankandifunsa ngati ndawakhululukira. Ndinkati sindikudziwa, akudya, akusesa pabwalo. Iwo eni ake anayesa kulankhula tsiku lina mwana ali kusukulu.

"Ndinakulakwirani."

"Eya."

"Palibe chimene munganene?"

Ndinafufuza ndithu mumtima. Ndinkaganiza kuti mwina mkwiyo ulipo penapake, kapena chisoni, choti ndiwapatse. Ndinati palibe. Anagwedeza mutu n'kupita kukakhala pansi pa mtengo.

Mvula inabwera yambiri, mitsinje inadzaza, ndipo madzi anabwerera m'nyanja. Anthu anayamba kumata mabwato. Nthawi imeneyo bambo awo anali atasiya nsungwi ija, akuyenda chowongoka pang'ono. Mnzawo wina wakale anabwera kudzacheza nawo, anakambirana motsitsa mawu, ndipo ndinadziwa. Ananyamuka mmawa titatha mafizo. Anati akungokaona mmene madzi alili. Mwana anawauza kuti akakafika azikachita mmawa uliwonse, ngakhale m'chimbowera. Anati azikachita.

Mwanayo anadikira masiku, akumakhala panjira akaweruka kusukulu. Tsiku limene anamva kwa ana anzake kuti bambo ake awaona ku Chisi, analira kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Ndinamufungatira, ndikudabwa kuti madzi ochuluka chotero akuchokera kuti m'kathupi kakang'ono ngati kameneko.

Mmawa mwake anakana kutuluka. Mkeka ndinayala ndekha, n'kugona, n'kuyamba ndi bondo lamanzere. Dzuwa litafika pakhonde anatuluka, maso atatupa, ndipo anagona kumapeto kwa mkeka chondifulatira. Sanachite kanthu tsiku limenelo. Ndinamusiya, ndinamaliza zanga, n'kupita kukasonkha moto wa madzi ake osamba.